Afumu anena zawo, shehe anena zawo: lamulo lenileni ndi liti?

Funso: Ndine mphunzitsi wa kupulayimale m'dera la T/A Chimwala kuno ku Mangochi. Alamu anga anamwalira chaka chino osalemba wilo. Anasiya boti, injini, ukonde wa chilimira ndi nyumba ya malata pa boma, komanso mchemwali wanga ndi ana anayi, awiri akadali aang'ono. Ukwati wawo unali wa Chisilamu, wa nikah. Pa sadaka ya masiku 40 abale a malemu anati mwa chikhalidwe boti ndi la ana a mlongo wake, ndipo afumu anavomereza. Shehe anati ayi, Chisilamu chili ndi kagawidwe kake. Wina wogwira ntchito ku ofesi ya DC akuti boma lili ndi lamulo lakelake. Kodi dziko limodzi lili ndi malamulo angati? Nanga timvere ndani?

Yankho: Aphunzitsi, pepani ndi zovutazo, ndipo muwapepesenso achemwali anu.

Anthu atatu amene mwawatchulawo palibe amene wapeka nkhani. Chikhalidwe chilipodi, kagawidwe ka Chisilamu kalipodi, lamulo la boma nalonso lilipo. Koma mwa atatuwo ndi mmodzi yekha amene mawu ake, munthu akawakana, amabwera ndi asherifu pakhomo kudzanyamula injini. Ameneyo ndi wa ku ofesi ya DC uja. Funso lanu lenileni ndi lakuti n'chifukwa chiyani zili choncho, ndipo kuti ndiyankhe bwino ndiyenera kukufotokozerani chimene ife a zamalamulo timachitcha dongosolo la malamulo.

Mukapita pagombe m'mawa mumapeza asodzi atatambasula miyendo pamchenga, chala chachikulu chakumwendo chitakola ukonde, akusoka pamene panang'ambika usiku. Pambali pawo pamakhala mpukutu wa ulusi. Ulusi wa pampukutuwo ndi womwewo uli mu ukondewo, koma mutauponya m'madzi momwemo simugwira ngakhale usipa umodzi. Chimagwira nsomba ndi mfundo, ulusi uwu kumangidwa pa uwo. Malamulo alinso chimodzimodzi. Mudzi uliwonse, mzikiti uliwonse, tchalitchi, sukulu yanu, ngakhale gulu la banki m'khonde, onse ali ndi zoletsa ndi zololeza. Zimenezo ndi ulusi. Dongosolo la malamulo ndi mfundo zake: ndani ali ndi mphamvu yopanga lamulo, alipange motsata njira iti, ndani aweruze anthu akasemphana, malamulo awiri akawombana ligonje ndi liti, ndipo wokana chigamulo amukakamize ndani. Pali malamulo ouza inu chochita, monga lakuti musaphe nsomba ndi neti ya udzudzu. Palinso malamulo ouza malamulo anzawo malire awo. Achiwiriwa anthu sawadziwa kwenikweni, koma ndi amene akugamula za boti la alamu anu.

Kuno kwathu mfundo yaikulu ndi malamulo oyendetsera dziko, Konsitityushoni imene inayamba kugwira ntchito mu Meyi 1994, titangochoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Gawo 5 la malamulo amenewa ndi lalifupi kwambiri, mungalilembe pa bolodi ndi choko chimodzi, koma ndi limene lanyamula zonse. Limati lamulo lililonse, kapena chilichonse chimene boma lachita, chikasemphana ndi Konsitityushoni chilibe mphamvu pa mbali imene chasemphanayo.

Musaganize kuti ndi mawu okongoletsa pepala. Mu 2015 aphungu anakhazikitsa lamulo la maukwati lonena kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Anthu anawomba m'manja, koma maloya anakanda mutu, chifukwa gawo 22 la Konsitityushoni linkalolabe mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Lamulo la aphungu silikanatha kugonjetsa gawo limenelo, moti mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo inachita kusintha Konsitityushoni yeniyeniyo kuti mpata uja utsekeke. Chitsanzo china ndi vakabu. Kwa zaka zambirimbiri apolisi ankatola anthu usiku pogwiritsa ntchito ndime ya m'malamulo a milandu ya upandu amene atsamunda anatisiyira mu 1930. Wogulitsa majumbo wina wa ku Blantyre, a Mayeso Gwanda, anamangidwa mu 2015 akulawirira ku geni yawo m'bandakucha. Anakadandaula, ndipo mu Januwale 2017 Hayi Khoti inagamula kuti ndime imeneyo ikusemphana ndi Konsitityushoni. Ndime inatha mphamvu tsiku lomwelo, ngakhale inali ikadalembedwa m'buku. Ndipo pa 3 Febuluwale 2020 majaji 5 anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, khoti la Suprimu n'kuvomereza mu Meyi chaka chomwecho. Ngati mpando wa pulezidenti uli pansi pa gawo 5, mpando wa agulupu sungakhale pamwamba pake.

Pansi pa Konsitityushoni pali malamulo opangidwa ndi Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Bilu imakambidwa, aphungu amavota, pulezidenti amasayina, kenako imasindikizidwa mu Gazeti ya boma. Popanda njira imeneyi palibe lamulo, ngakhale nduna italankhula mokweza chotani pamsonkhano. Ndimakumana ndi anthu ambiri onena kuti "lamulo latsopano likuti" pamene akunena zimene anamva wandale akulonjeza pa wailesi.

Aphungu sangalembe chilichonse okha, choncho amabwereketsa mphamvu zina kwa nduna ndi makhonsolo. Apa anthu a kunyanja mukudziwa bwino kuposa a ku Lilongwe. Lamulo la zausodzi la 1997 ndi la aphungu. Kuchokera m'lamulo limenelo mumatuluka malamulo ang'onoang'ono onena za kukula kwa maso a ukonde, zida zoletsedwa, ndi kutseka nyanja ya Malawi kwa makoka kuyambira pa 1 Novembala kuti chambo chiswane. Makomiti a m'magombe, ma BVC, amene anayambira kuno konkuno ku nyanja ya Malombe mu 1993, mphamvu zawo zimachokeranso m'mzere womwewo. Ndiye BVC ikagwira neti yoletsedwa n'kuipereka kwa a zausodzi, ikuyenda m'malire ake. Ikamutsekera msodzi m'kanyumba usiku wonse kapena kumukwapula, yalumpha malire, chifukwa amene anaibwereka mphamvu sanaipatse zimenezo. Mphamvu yobwereka siiposa ya mwini wake. Malamulo a khonsolo a ziphaso za mumsika ndi chimodzimodzi: ayenera kukwana mkati mwa lamulo la maboma ang'ono la 1998.

Palinso mtundu wina wa malamulo umene simungaupeze m'buku limodzi. Mu 1902 Angerezi analamula kuti m'dziko lino muzigwira ntchito malamulo amene ankagwira ntchito ku England pa 11 Ogasiti chaka chimenecho. Anabwera ndi chizolowezi chawo chotchedwa common law, chakuti chigamulo cha jaji wamkulu pa mlandu wa lero chimasanduka muyezo wa milandu yofanana nayo mawa. Mpaka pano majisitireti wa pa Mangochi sangagamule mosemphana ndi zimene Hayi Khoti inanena pa nkhani yofanana, ndipo Hayi Khoti singasemphane ndi Suprimu. N'chifukwa chake loya amabwera kukhoti atanyamula zigamulo zakale m'chikwama. Si kudzionetsera. Zigamulozo ndi lamulo.

Tsopano tifike pa chikhalidwe, pamene pali mtima wa nkhani yanu.

Konsitityushoni sinataye chikhalidwe. Gawo 200 limavomereza kuti malamulo a makolo akupitiriza kugwira ntchito, bola asasemphane nayo. Ukwati wa kwa ankhoswe ndi ukwati weniweni pamaso pa khoti. Ufumu umalowedwa motsata mwambo wa mtunduwo. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima mafumu akhala akutseka usodzi miyezi ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, kale kwambiri lamulo la 1997 lisanabadwe, ndipo boma limawayamikira chifukwa lamulo lawolo siliwombana ndi lina lililonse. Chikhalidwe chimagonja pokhapokha pamene lamulo lapamwamba lalankhula mosiyana nacho.

Ndipo ndinene chilungamo, mwambo umene abale a malemu akuunenawo sunayambe ngati umbava. M'mudzi wa chikamwini mwamuna ankakhala mlendo kwawo kwa mkazi. Munda unali wa kuchikazi, ana anali a mbumba ya mayi awo, ndipo wowayang'anira anali mjomba wawo, kunena inuyo aphunzitsi. Bambo akamwalira, abale ake ankatenga nkhwangwa, mkondo ndi bwato lake n'kubwerera nazo kwawo, ana osataya kanthu, chifukwa munda ndi nkhokwe zinkatsala ndi mayi awo. Lero chuma chinasamuka. Chili mu injini, m'nyumba ya pa boma, mu akaunti ya kubanki, ndipo fizi ya ana imachokera m'boti limenelo osati m'munda wa mbumba. Mwambo womwe unkateteza ana ukagwiritsidwa ntchito pa chuma cha mtundu uwu umawasiya ali manja lende. Mudzifunsenso nokha: inuyo mutatsogola, mungakonde kuti penshoni yanu ipite kwa ana a achemwali anu, anu atakhala pansi?

Olemba Konsitityushoni anaziona zimenezi. Gawo 24 linalamula kuti pakhale malamulo othetsa miyambo yopondereza amayi, ndipo linatchula mwachindunji kulandidwa katundu, kuphatikizapo wa masiye. Aphungu anachedwa, koma mu 2011 anakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, limene dzina lake pa Chingerezi limayamba ndi mawu oti Deceased Estates, kulowa m'malo mwa lakale la 1967 limene linkapatsa abale a mwamuna gawo. Lamulo latsopanoli linatseka khomo limenelo. Limati palibe amene angatenge chuma cha womwalira ponena kuti mwambo ukumulola. Munthu akamwalira wopanda wilo, chuma chake ndi cha mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake, pamodzi ndi amene ankadalira malemuyo pa moyo wawo, monga makolo ake okalamba kapena mwana wamng'ono amene ankamulipirira sukulu. Ziwiya ndi katundu wa m'nyumba zimatsala ndi wamasiye. Mwana wamkazi ndi wamwamuna ndi ofanana.

Muone bwino apa, chifukwa mpeniwu ndi wakuthwa konsekonse. Ngati mmodzi mwa ana a mlongo wa malemu ndi wamng'ono ndipo alamu anu ndi amene ankamuphunzitsa, ameneyo angaganiziridwe, osati chifukwa cha mwambo koma chifukwa ankadalira malemuyo. Ndipo ngati kutatulukira mwana wina ku Makanjira kapena ku Monkey Bay amene achemwali anu sankamudziwa, lamulo limamuwerenga ngati mwana mofanana ndi anayi aja. Ndaonapo mabanja akulikonda lamuloli m'mawa n'kudana nalo madzulo mwana wotere atafika.

Nanga shehe? Zimene ananena n'zoona m'chipembedzo. Mu Qur'an, Surah An-Nisa, mkazi wamasiye amalandira gawo limodzi mwa magawo 8 ngati pali ana, makolo a malemu aliyense gawo limodzi mwa 6, ndipo mwana wamwamuna amalandira kawiri poyerekeza ndi wamkazi. Muonenso kuti pa nkhani ya boti shehe ndi boma ali mbali imodzi: m'kagawidwe ka Chisilamu ana a mlongo salandira kanthu pamene malemu wasiya ana ake. Amene akutsalira yekha ndi mwambo uja. Kusiyana kwa shehe ndi boma kuli pa kukula kwa magawo, makamaka a ana aakazi.

Dziko lathu limateteza ufulu wa chipembedzo, ndipo nikah ndi ukwati wovomerezeka, moti achemwali anu ndi mkazi wa malemu pamaso pa khoti lililonse. Koma Malawi alibe makhoti a Chisilamu, monganso alibe makhoti a mpingo. Ku Kenya anasankha njira ina. Konsitityushoni yawo ya 2010 imavomereza makhoti a Kadhi oweruza za ukwati, kusudzulana ndi chuma cha masiye pakati pa Asilamu amene onse avomera kupita kumeneko. Kumeneko chigamulo cha Kadhi ndi chigamulo cha boma. Kuno mawu a shehe ndi uphungu wolemekezeka umene umagwira ntchito pa amene aulandira. Msilamu wofuna kuti chuma chake chidzagawidwe mwa Chisilamu njira yake ndi kulemba wilo akadali moyo, n'kusayina pamaso pa mboni ziwiri, ngakhale kuti khoti lingathe kuikonza ngati yasiya mkazi kapena ana pa umphawi. Alamu anu sanalembe. Akuluakulu a m'banjamo angathe kugwirizana mwa kufuna kwawo kutsata zimene shehe wanena pa magawo awoawo, pakuti munthu wamkulu ali ndi ufulu wopereka chake. Koma palibe amene angapereke gawo la ana aang'ono awiri aja m'malo mwawo, kaya ndi mayi awo, kaya ndi inu mjomba wawo.

Mwina mukudabwa kuti bwanji afumu, amene timawagwadira ndi kuwapatsa chabwalo, mawu awo alibe asherifu kumbuyo. Nkhani yake ndi yowawa. Mu 1969, pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe mu Blantyre, boma la Dr Kamuzu Banda silinakondwe ndi momwe Hayi Khoti inkaweruzira, ndipo linapatsa makhoti a mafumu mphamvu zoweruza milandu ikuluikulu, mpaka ya kupha ndi youkira boma. M'makhoti amenewo loya sankaloledwa. A Orton Chirwa, amene anali loya woyamba wachikuda m'dziko lino komanso nduna ya zachilungamo, anaweruzidwa m'khoti lotere pamodzi ndi akazi awo a Vera Chirwa, n'kugamulidwa kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, ndipo a Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Anthu amene analemba Konsitityushoni ya 1994 zimenezi zinali zikadali m'maso mwawo. Anaika mphamvu zoweruza m'manja mwa makhoti oima paokha, ndipo gawo 110 linangosiya kampata kakuti aphungu angakhazikitse makhoti a m'midzi a milandu ya chikhalidwe ndi timilandu ting'onoting'ono.

Lamulo lokhazikitsa makhoti amenewo linadutsa mu 2011, koma makhotiwo sanatsegulidwe. Ine ndimaona kuti apa dziko linalakwitsa. Tinagwetsa nyumba yoipa, koma pamalopo sitinamangepo ina. Boma la Mangochi lili ndi anthu oposa 1 miliyoni, ndipo mayi wa ku Katuli kapena kumapiri a Namwera akalandidwa mbuzi sangagulitse mbuzi ina kuti apeze thiransipoti yokadandaulira yoyambayo. Amapita kwa afumu, ndipo milandu yambiri m'dziko muno imathera pansi pa mtengo wa mango, osati pamaso pa majisitireti. Zambiri zimatha bwino, anthu n'kumwera chikho chimodzi. Koma pamaso pa lamulo bwalo la afumu ndi loyanjanitsa. Silingamange munthu, silingaweruze mlandu wa kugwiririra kapena kupha, ndipo amene sanakhutire ali ndi ufulu wopita kukhoti osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Pamene mafumu anapatsidwa mpando weniweni ndi lamulo ndi pa nkhani za malo a makolo, kudzera m'lamulo la 2016 limene linakhazikitsa makomiti ndi mabwalo a zamalo otsogozedwa ndi magulupu ndi ma T/A. Boti si malo.

Makhoti a boma anasanjidwa ngati makwerero. Pansi pali mabwalo a majisitireti, ena ophunzira zauloya, ena a magiredi amene anaphunzira ntchitoyi mwapadera, ndipo aliyense ali ndi malire a milandu ndi chilango chimene angapereke. Milandu ya kupha ndi youkira boma siyawo. Osakhutira amachita apilo ku Hayi Khoti, imene kwa inu a ku Mangochi yapafupi ili ku Zomba, ndipo pamwamba pa onse pali Suprimu ku Blantyre. Pambali pali bwalo la milandu ya apantchito ndi mabwalo a ana. Limene anthu amalitcha khoti la Konsitityushoni si nyumba ina yapadera ayi, ndi Hayi Khoti yomweyo itakhala ndi majaji osachepera atatu. Ubwino wa makwerero ndi wakuti woweruza aliyense amadziwa kuti pamwamba pake pali wina amene angawerenge zimene walemba.

Ndinakhalapo pa mpando wa majisitireti, ndipo mlandu wina wofanana ndi wanuwu sindiuiwala. Mayi wina wamasiye analowa m'khoti atanyamula kanthu kolemera kokulungidwa m'chitenje, n'kukaika pansi pafupi ndi mapazi ake. Titamufunsa anamasula mfundo, ndipo munali pulopela ya injini. Alamu ake anali atatenga boti ndi injini maliro asanathe n'komwe, ndiye iye anapita usiku ndi sipanala n'kukamasula chokhacho chimene akanatha kunyamula. Kwa miyezi itatu boti linali pamchenga, alamu alibe pulopela, iye alibe boti, ana osapita kusukulu. Ankalankhula Chiyao, womasulira n'kumandiuza m'Chingerezi, ine n'kumalemba m'Chingerezi, chonsecho tonse atatu tikanatha kumvana m'Chichewa. Chinandikhudza n'chakuti lamulo limene linali kumbali yake kuyambira tsiku loyamba iye anali asanalimvepo, chifukwa linalembedwa m'chilankhulo chimene sanaphunzire. Inu aphunzitsi mumatha kuwerenga Chingerezi, ndiye m'banja mwanumo ntchito imeneyi yagwera inu.

Poti mwafunsa kuti dziko limodzi lingakhale ndi malamulo angati, dziwani kuti mayiko anasanja mosiyanasiyana. Mukadutsa pa Chiponde kulowa Mandimba, mwalowa m'dziko limene linatengera Apwitikizi. Ku Mozambique, monga ku Portugal ndi ku France, maziko ndi mabuku akuluakulu a malamulo olembedwa mwa ndondomeko, mwambo wochokera ku malamulo a Aroma umene unafala kwambiri Napoleon atatulutsa buku lake la malamulo mu 1804. Jaji wa kumeneko amayamba watsegula ndime ya m'buku, ndipo zigamulo zakale sizimumanga mwamphamvu ngati kuno. Ku Joni, kumene anyamata athu ambiri ali, anasakaniza malamulo a Adatchi ndi a Angerezi, n'kuwonjezapo a makolo. Nigeria ili ndi zigawo 36, chilichonse ndi nyumba yake ya malamulo, ndipo 12 za kumpoto zimagwiritsa ntchito Sharia ngakhale pa milandu ya upandu. Malawi ndi dziko la boma limodzi: lamulo la chuma cha masiye la ku Chitipa ndi lomwelo la ku Nsanje, kwa Myao, Mtumbuka ndi Msena. Ndipo lamulo limatsata nthaka imene mwapondapo. Ngati alamu anu anasiya ndalama kubanki ku Johannesburg, zimenezo zidzafuna njira ya kumeneko.

Chotsala ndi kusiyanitsa mitundu iwiri ya milandu, chifukwa nkhani yanu ili ndi yonse iwiri. Kugawa chuma ndi mlandu wa pakati pa anthu: mwini nkhani ndi achemwali anu, ndipo palibe amene amapita kundende. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wa upandu pansi pa lamulo la 2011 lomwe lija: mwini mlandu ndi boma, ndipo chilango chake chingakhale ndende. Ndikulangizani kuti musathamangire wachiwiriwu. Anthu amenewa ndi abale a ana aja, adzakumana nawo pamaliro ndi pa zinkhoswe moyo wawo wonse. Bwererani kaye kwa afumu, mwaulemu, mutatenga shehe, ndipo mukawafotokozere zimene lamulo likunena. Mafumu ambiri amalidziwa, kungoti pa sadaka pamakhala maso ambiri. Koma ngati injini yayamba kale kusakidwira wogula, pitani kupolisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support tsiku lomwelo, ndipo khoti lingathe kupereka chiletso kuti katundu asagulitsidwe nkhani isanathe.

Musadalire mwambi uja wakuti mlandu suola. Kubwalo la afumu mwina suoladi, koma kukhoti milandu ina ili ndi nthawi yake, monga ngongole imene ikapitirira zaka 6 osaitsata khoti lingakane kuimva. Ndipo injini imaola msanga kuposa mlandu.

Achemwali anu ayambe ndi kupeza chikalata cha imfa. Kenako apite ku ofesi ya DC kapena kukhoti la majisitireti pa boma akafunse za chikalata chowapatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu. Kumeneko akawauza ngati chumacho chili chochepa moti chingathere pompo, kapena ngati chifunika Hayi Khoti ku Zomba, zomwe n'zotheka poti pali nyumba. Ngati ndalama ya loya palibe, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu otere. Asanapite, mukhale nawo pansi ndi kope la sukulu mulembe katundu yense mmodzimmodzi, nambala ya injini, mapepala a nyumba, amene ali ndi ngongole kwa malemu ndi amene malemu anawakongola, pakuti ngongole zimabwezedwa chuma chisanagawidwe. Mutenge kalata ya nikah ku mzikiti ndi makadi a kusikelo kapena zikalata zobadwira za ana onse anayi. Muwafunsenso achemwali anu ngati m'botimo kapena m'nyumbamo muli ndalama yawo ya geni ya usipa, chifukwa gawo limenelo ndi lawo kale, si la masiye, ndipo ngati anasunga lisiti kapena kabuku ka banki m'khonde kosonyeza ngongole imene anatenga pogula malata, akatenge.